Mbuna zanga zatuluka timadontho toyera ngati zawazidwa mchere, thandizeni abale

Mbuna_Area25

Abale muli bwanji nonse. Ine mutu sukugwira chifukwa mmawa uno ndavuula imodzi itafa kale, yauma gwa kuseri kwa mwala. Ndili ndi thanki ya malita 200 pabalaza, ndakhala nayo chaka ndi miyezi itatu, muli mbuna (tinsomba ta mmiyala ta kunyanja tija) za mitundu iwiri, ma yellow lab ndi ma zebra abuluu, ndi nkholokolo ziwiri zomwe zimangobisala masana onse nkumatuluka ndikazimitsa getsi. Chiyambire sizinadwalepo, kupatula kulumana michira monga mbuna zimachitira.

Loweruka la sabata yatha ndinagula zina zitatu kwa mkulu wina amene akusamuka, mtengo unali wabwino nde sindinachedwe nazo. Nditafika kunyumba ndinangoyandamitsa jumbo pamadzi mphindi 20 kenako nkukhuthulira momwemo, nsomba ndi madzi ake omwe. Zonse pamodzi zinakwana 17. Lachitatu ndinaona zebra imodzi ikudzikhula pamwala, imabwera mwaliwiro nkupendekeka nkudzikwecha mbali imodzi kenako nkuthawa, ndinangoti mwina ndi masewera. Lachisanu ndi pomwe ndinaona timadontho toyera pamchira ndi pazipsepse, tating'ono ngati mchere wa patebulo. Lero si imodzinso, pafupifupi theka la nsomba zili nato, zina zapinda zipsepse zangoima pakona pafupi ndi pomwe fyuluta imalavulira madzi, zikupuma mwabefu. Nkholokolo imodzi yatuluka masana zomwe siichita, thupi lonse mbuu.

Palinso yellow lab ina yaikazi, iyo timadontho ilibe koma yasiya kudya masiku asanu tsopano, pakhosi patupa, imabwera pachakudya nkungochiyang'ana nkubwerera kumiyala. Kaya ndi matenda omwewa kaya ndi ena.

Hita ndili nayo ya 100W koma ndi kuzizira kwa June kuno plus magetsi kuthimathima, mmawa thermometer ikumaonetsa 21, pena 20. Chakudya ndimazipatsa ma flakes, masiku ena ndimasinja usipa wouma nkuwazamo poti ndimati nsomba kunyanja zimadyana zokhazokha. Madzi ndi apampopi, ndimasintha ndowa ziwiri pa sabata, ndimayamba ndawagoneka usiku umodzi.

Nditani abale zisanathe zonse? Madam akungoti bola ndikanaweta nkhuku.

Kanyenya_Boy

Man musavutike, pitani pa pharmacy mugule Flagyl, sinjani mapilisi angapo muponyemo basi. Mzanga wina mbuna zake zinkafa anachita zomwezo zinachira. Musinthenso madzi onse mutsuke miyala ndi sopo kuti majeremusi afe. Zikakanika kazingani kkkk

Malume_wa_ku_Leeds

Pepani achimwene ndi imfayo, zimawawa ndithu olo ena aseke kuti ndi ndiwo chabe. Koma Flagyl musaponyemo, ndipo sopo asayandikire nkomwe miyala kapena thanki, sopo yekhayo akhoza kumaliza zotsalazo usiku umodzi. Kusintha madzi onse nthawi imodzi nakonso ayi. Mphwanga wa pamwambayu sakunama kuti Flagyl amagwira ntchito pa mbuna, koma ndi pa vuto la mmimba, osati ili.

Zomwe mwafotokozazo ndi white spot, ena amati ich. Ndi kachirombo ka selo imodzi, dzina lake lalitali ndi Ichthyophthirius multifiliis, mukalimasulira likutanthauza nsabwe ya nsomba ya ana ambiri, ndipo amene anakatcha dzinalo sanalakwitse. Kanabwera ndi nsomba zitatu zija kapena mmadzi a mu jumbo aja, kuzizira kwangofooketsa nsomba zanu kuti kapeze polowera. Anthu ambiri amati kuzizira ndi komwe kumayambitsa white spot, ayi, ngati kachiromboko mulibe mu thanki olo madzi azizire bwanji sikangamere kokha.

Chomwe ndikufuna mumvetse musanathire chilichonse ndi mmene kamakhalira, chifukwa ine kusadziwa zimenezi kunandiphetsa nsomba zambiri nditangoyamba. Kadontho mukukaonako sikali pamwamba ngati fumbi ayi. Kachiromboko kaboola nkulowa mkati mwa khungu, khungu la nsomba lakaphimba, kakudya kali mmenemo, nde mankhwala aliwonse amene mungathire mmadzi sakukafika. Kakakhuta kamatuluka kokha nkugwera pamchenga kapena kumata pamwala, pagalasi, paliponse, nkudzikutira mu kachikopa. Mmenemonso mankhwala ambiri salowa. Mkatimo kamagawikana, kamodzi kukhala tiwiri, tiwiri tinayi, mpaka mahandiredi, pena kufika 1000 kuchokera pa kadontho kamodzi. Kenako kachikopa kaja kamang'ambika, tiana tosaoneka ndi maso timatuluka nkumasambira kufuna nsomba. Apa pokha ndi pomwe timaphedwa. Ndipo tikapanda kupeza nsomba mkati mwa tsiku limodzi kapena awiri timafa tokha.

Nde mukuona, simukuchiza timadontho mukutionato, mukudikirira ana ake pakhomo. Nchifukwa chake mukayamba mankhwala lero mawa ndi mkuja timadontho tikhoza kuchuluka, musadabwe nkuyamba kusintha mankhwala, ndi tomwe tinalowa kale tikungokula. Komanso tsiku lomwe mudzadzuke nkuona nsomba zayera bwinobwino musadzasiye. Ine chaka changa choyamba kuno ku Leeds ndinasiya pa tsiku lachinayi poti zimaoneka zachira, ndinasangalala mpaka kugula zina ziwiri, patangotha sabata zonse zinali mbuu kuposa poyamba. Timadontho tinali titangotsikira pamchenga kukabereka.

Kutentha kwa madzi ndi komwe kumayendetsa liwiro la zonsezi. Pa 25 kapena 26 kuzungulira konseku kumatha pafupifupi sabata imodzi kapena kucheperapo, madzi akazizira kwambiri kumatenga masabata. Pa 20 kapena 21 pomwe muli inupo zichedwa ndipo nsomba zivutika nthawi yaitali. Mbuna kwawo kunyanja madzi apamwamba amakhala cha mma 24 mpaka 29, nde 20 ndi chilango kale. Hita ya 100W pa malita 200 yachepa, pezani ya 200W kapena onjezerani ina. Kwezani pang'onopang'ono, digiri imodzi mmawa ina madzulo, mpaka 29 kapena 30. Koma madzi otentha amasunga mpweya wochepa, ndipo nsomba zanu zikupuma mwabefu chifukwa tizirombo talowanso mopumira muja mmbali mwa mutu, mmenemo ndi momwe timaphera, osati pamchira pomwe mukuonapo. Nde ikani air stone, kamwala kotulutsa thovu la mpweya mmadzi kolumikiza ku air pump, kapena kwezani polavulira fyuluta kuti madzi azigavira pamwamba.

Mankhwala kuno timangogula pa shopu ya ziweto, eSHa Exit kapena Protozin, ku Joni ndinkaona Tetra ContraIck. Ambiri a white spot amakhala ndi malachite green, ena amaphatikiza ndi formalin. Mukapeza tsatirani zapabotolo, chotsani kaye makala aja a mu fyuluta ngati alimo chifukwa amayamwa mankhwala, ndipo chifukwa cha nkholokolo yambani ndi theka la mlingo, nsomba zopanda mamba sizipirira malachite green. Chizani thanki yonse, osati kupatula zodwala zokha, pomwe mwaona kadontho koyamba thanki yonse inali italowa kale.

Mbuna_Area25

Malume zikomo kwambiri, ndawerenga kawiri konse, zoti mankhwala sapha timadontho tooneka sindimadziwa nkomwe. Sopo sindinagwiritse, mwayi ndinayamba ndadikira.

Koma vuto ndi ili, ndazungulira mtauni masana onse botolo la white spot sindinalipeze, pena akuti latha pena sakudziwa nkomwe chomwe ndikunena, wina amafuna kundigulitsa dip wa agalu. Wina wandilonjeza methylene blue, mankhwala abuluu othira mmadzi a nsomba, mawa. Hita ina ndabwereka kwa mzanga, ya 150W, ndaika zonse ziwiri panopa ili pa 23. Chomwe chikundiopsa ndi magetsi, dzulo anathima 5 koloko mmawa kubwera cha mma 1 masana. Ndikakweza kufika 30 kenako athime maola 8 sindipha zonse? Inverter ndili nayo koma ndi kakang'ono ka TV ndi mababu.

Za mchere ndamvapo anthu akunena, kodi ndi mchere womwewu wa kukhitchini wa ayodiniwu? Wochuluka bwanji? Yafanso ina madzulo ano, imodzi mwa zatsopano zija.

WakuBunda

Akulu, zomwe afotokoza a Malume za moyo wa kachiromboka ndi zoona zonse, ife tinkakaona pa microscope kusukulu, ukapala pang'ono mamina a pakhungu la nsomba nkuika pa kagalasi ndi dontho la madzi umakaona kakugubuduzika pang'onopang'ono, kozungulira, mkati muli chinthu chopindika ngati chilembo C. Kamakula mpaka milimita imodzi, nchifukwa chake timakaona ndi maso pomwe tizirombo tina ta selo imodzi sitioneka.

Pomwe ndikusiyana nawo pang'ono ndi pa 30. Ku Leeds magetsi sathima. Kuno mukafika 30 kenako pampu nkuima, madzi otentha, nsomba 15 zomwe zopumira zake zawonongeka kale, mpweya utha msanga kuposa mmene mukuganizira, ndiye pamwamba pake madzi atsike madigiri asanu pofika masana. Kukwera ndi kutsika kumeneko kumafooketsa nsomba kuposa kukhala pa 27 osasuntha. Komanso pali mitundu ina ya ich yomwe 30 siyiopa. Ine ndinganene kuti imani pa 27 kapena 28, cholinga chikhale kufulumizitsa kuti tiana tituluke msanga, chopha chikhale mchere.

Pa inverter lumikizani air pump ndi fyuluta basi, zimenezo zimadya magetsi ochepa kwambiri, air pump yaing'ono ndi ma watts atatu kapena asanu. Mahita musalumikize, 250W imaliza batire lanu nthawi yochepa. Magetsi akathima fundikani thanki ndi bulangete mbali zonse ndi pamwamba, kungosiya pompitira mpweya, madzi malita 200 sazizira msanga akafunda. Zikatalika tenthetsani madzi pa mbaula panja, thirani mmabotolo apulasitiki, tsekani bwino nkuyandamitsa mu thanki. Musathire madzi otenthawo mwachindunji. Fyuluta ndikuinenayi ndi nkhani yaikulu, mu siponji muja muli mabakiteriya abwino omwe amachotsa ammonia wochokera ku ndowe za nsomba, akakhala maola ambiri madzi osayenda amayamba kufa, nde mumapezeka mukulimbana ndi ich kwinaku ammonia akuotcha zopumira zomwezo.

Pachifukwa chomwecho methylene blue musathire mu thanki yaikulu, amapha mabakiteriya a mu fyuluta ndipo silikoni ndi miyala zidzakhala zabuluu mpaka kalekale. Ndi wabwino mu beseni lapadera, kwa nsomba yomwe yafooka kwambiri.

Tsopano mchere. Mbuna zimaupirira bwino kwa sabata ziwiri. Mlingo ndi magalamu 2 pa lita, ena amafika 3. Koma werengani madzi enieni, thanki ya 200 yodzaza miyala ndi mchenga mwina muli malita 170, nde 2 pa lita ndi magalamu 340. Musayeze ndi maso, bwerekani sikelo ya kukhitchini, ikasowa supuni yaing'ono ya tiyi yosadzaza mpaka phiri ndi magalamu 5 kapena 6. Gawani katatu, sungunulani gawo limodzi mu ndowa ya madzi a mu thanki momwemo nkuthira pang'onopang'ono, lina pakatha maola 12, lomaliza pakathanso maola 12. Muziyang'ana nkholokolo, zikayamba kugubuduka kapena kuthamanga mopenga imani pomwepo nkusinthako madzi. Za ayodini musade nazo nkhawa kwambiri, ndi wochepa zedi moti sapha nsomba, koma ngati mungapeze mchere wamibulu uja wosasakaniza kanthu tengani umenewo, wosalala kwambiri uja amauthira zina zoti usagwirane.

Chinthu chomwe anthu amalakwitsa, mchere suuluka. Madzi akaphwa ndi kutentha mukuonjezera, musaonjezere mchere. Koma mukachotsa malita 40 popopa pansi, bwezerani magalamu 80 mmadzi atsopanowo. Ndipo muzipopa pamchenga ndi paipi tsiku ndi tsiku kapena kudumphitsa tsiku limodzi, chilichonse chomwe mwayamwa pansipo ndi ana mahandiredi omwe sadzabadwa. Madzi atsopano akhale ofunda mofanana ndi a mu thanki. Pitirizani mpaka padutse sabata yathunthu chionereni kadontho komaliza.

Mukadzapeza botolo la malachite green ndi formalin samalani, formalin amachepetsanso mpweya mmadzi nde samayenda ndi madzi otentha kwambiri, ndipo valani magolovesi, mayi woyembekezera asaligwire. Kwa ena omwe akuwerenga amene ali ndi madamu a chambo, malachite green ndi woletsedwa pa nsomba zodya mmaiko ambiri chifukwa amatsalira mnyama yake, musakaone apa nkukathira mu damu. A Kanyenya, nthabwala ya kukazinga ija ithere pomwepo.

Zakufazo kwirirani, ndipo madzi opopawo tayani pa dothi kutali ndi ngalande yopita kumtsinje. Tinaona mu 2020 matenda a zilonda za nsomba aja a EUS atabuka ku Mchinji mmene matenda a nsomba amayendera ndi madzi, ngakhale aja anali amtundu wina.

Mtchona_wa_ku_Joni

Ine mchere ndilibe nawo chikhulupiriro kwenikweni, ndinayesapo unandichedwetsa mpaka ndinakagula botolo, koma poti kumeneko botolo kulibe chitani zomwe anena a WakuBunda, kusiyana nkungoyang'ana. Ngati muli ndi wachibale wobwera pa basi kuchokera kuno muuzeni akutengereni kabotolo kamodzi kazikhala mnyumba, sikadula.

Changa nchoti mudzayang'anitsitse timadontho tikadzatha. Zikadzapitiriza kudzikhula pamiyala khungu lili loyera bwinobwino, kapena mukaona nsomba ikupuma ndi mbali imodzi ina itatseka, si ich imeneyo, ndi ma flukes, tinyongolotsi tating'ono tokola pakhungu ndi mopumira, maso sangatione. Nsomba zogula kwa anthu nthawi zambiri zimabwera ndi katundu woposa mmodzi. Ine ma peacock anga (nsomba zinanso za kunyanja kwathu) anandizunza mwezi wathunthu, ndikuthira mankhwala a white spot kawiri konse osasintha kanthu, mpaka mdala wina woweta ma koi anandiuza kuti ndi flukes. Mankhwala ake mudziwa ndi chani? Praziquantel, yemwe uja tinkamwetsedwa kusukulu wa likodzo, chimpilisi chowawa chija chomwe ukamwa osadya umaona dziko likuzungulira kkkk. Pa nsomba amathira pafupifupi mamiligalamu 2 pa lita, sasungunuka bwino nde umayamba wamusinja nkumukhutchumula mu botolo. Umabwereza pakatha sabata chifukwa mtundu wa mopumira uja, Dactylogyrus, umaikira mazira ndipo mazirawo safa ndi mankhwala. Wapakhungu, Gyrodactylus, umabereka ana amoyo nde umatha msanga. Koma musathire panopa, chimodzi chimodzi, nsomba zodwala kale sizifuna supu wa mankhwala.

China chofanana ndi ich ndi velvet. Timadontho take ndi tating'ono kwambiri ngati ufa, tachikasu ngati golide, timaoneka bwino ukazimitsa magetsi nkuunika nsomba ndi tochi chammbali. Yesani usiku uno ndi tochi ya foni. Mukati ngati mchere wa patebulo ndiye kuti ndi ich, koma kuyang'ana sikulipira. Ndipo madontho achikasu ozungulira omwe ali pa chipsepse chapansi cha zazimuna aja si matenda, mzanga wina anathira mankhwala sabata yonse chifukwa cha amene aja, ndi chibadwa chawo.

Mayi_wa_ma_Peacock

Nonse mwathamangira timadontho mwaiwala mayi uja wasiya kudya. Achimwene, kamuyang'aneni bwino yellow lab ameneyo. Kutupako kuli pansi pa kamwa ngati kathumba, pakamwa watseka, ndipo nthawi ndi nthawi akuchita ngati akutafuna chingamu? Ngati ndi choncho sakudwala, wafungatira mazira mkamwa. Mbuna zonse zimatero, yaikazi imatola mazira nkuwasunga mkamwa pafupifupi milungu itatu osadya kanthu mpaka ana atayamba kusambira. Nchifukwa chake akubwera pachakudya nkubwerera, njala ikumupweteka koma sangatsegule pakamwa. Musamuthamangitse ndi neti, akachita mantha amalavula kapena kumeza. Mchere wa 2 pa lita ine sunandiphereko wofungatira.

Koma ngati kutupa kuli pamimba, akutola chakudya nkulavula, ndipo kumbuyo kukulendewera ndowe yoyera yowonda ngati ulusi, imeneyo ndi ija azungu anaitcha Malawi bloat, inde matenda otchedwa dzina la dziko lathu, kaya tinalakwa chani. Apo nde pomwe Flagyl wa a Kanyenya amalowera. Mmatumbo mwa nsombazi mumatha kukhala tizirombo tina ta selo imodzi tomwe nsomba ikakhala bwino sitivuta, koma ikapanikizika ndi madzi oipa, kumenyedwa ndi zinzake kapena chakudya cholakwika timachulukana, matumbo nkutupa. Mlingo womwe oweta ambiri amatsata ndi metronidazole (ndi Flagyl yemweyo) 250mg pa malita 40, mu thanki yapadera, kusintha madzi ena musanabwereze, ndipo imagwira bwino ukayamba nsomba isanatupe, ikafika potupa mpaka maso kutuluka nthawi zambiri imapita. Ena amaonjezera Epsom salt kuti mmimba mumasuke, ameneyo ndi wosiyana ndi mchere wa ndiwo, musasokoneze.

Ndipo usipa wosinjawo siyani lero lomwe chonde. Zoona kunyanja kuli nsomba zodya zinzake, ncheni, kampango, koma mbuna si zimenezo. Amene munapitako ku Cape Maclear nkuvala magalasi aja kuyang'ana pansi pamadzi pa Thumbi kapena Otter Point munaona zomwe zimachita tsiku lonse, zimangokhalira kupala ndere pamiyala, mutu pansi mchira mmwamba. Matumbo a zebra ndi aatali, opangidwira zomera. Ma yellow lab ndiye amadyako tizirombo ta mmiyala, koma poti zili thanki imodzi tsatirani zebra. Pezani chakudya cha spirulina, chopangidwa ndi ndere, kapena wiritsani nsawawa zobiriwira zija, chotsani khungu, phwanyani ndi zala nkuponyamo pang'ono. Usipa wouma umawononganso madzi msanga, ndipo panopa fyuluta yanu ikuvutika kale ndi magetsi. Masiku ano a matenda muzizipatsa kamodzi patsiku, kochepa koti zimalize mu mphindi imodzi, tsiku lomwe magetsi athima osazipatsa nkomwe, sizifa ndi njala ya tsiku limodzi.

Ine nsomba yatsopano olo ichokere kwa mchemwali wanga imayamba yakhala payokha milungu inayi. Si kuti mpaka thanki yagalasi yodula ayi, chibeseni chachikulu chapulasitiki chatsopano, ka sponge filter (kafyuluta ka siponji), hita yaing'ono ndi miphika yadothi iwiri yobisalamo. Neti ndi paipi zake zikhale zakezake, chifukwa neti yonyowa imasamutsa ich kuchoka uku kupita uku.

Kanyenya_Boy

Chabwino ndagonja kkkk, koma mwaona Flagyl wanga watchulidwa ndithu. Za sopo ndabweza.

Mbuna_Area25

Abale ndabweranso, lero ndi tsiku la 12 chiyambire mchere. Ndinatsata za a WakuBunda, magalamu 340 ogawa katatu, kutentha ndinaima pa 28. Tsiku lachiwiri ndi lachitatu zinafika poipa zedi moti ndikanapanda kuwerenga za a Malume ndikanataya mtima nkuthiramo methylene blue yense uja, zebra yaikulu inachita kuoneka ngati yagubuduzidwa mu ufa. Tsiku lachinayi nkholokolo yodwala ija inafa, inali itafooka kale nde sindikudziwa ngati ndi mchere kapena matenda, inzake ili bwinobwino yabwerera ku khalidwe lake lobisala. Zonse pamodzi ndataya zitatu, zatsala 14.

Kuyambira tsiku lachisanu timadontho tinayamba kuchepa, komaliza ndinakaona pa tsiku la 8 pamchira wa yellow lab wamwamuna, nde ndikuwerenga sabata kuchokera pamenepo, mchere ukhalabe mpaka tsiku la 15. Kupopa pansi ndikuchita madzulo aliwonse ndikaweruka, malita 40, mchere magalamu 80, mpaka mwana wanga wamkulu waloweza amayeza yekha pa sikelo. Magetsi anathima katatu, bulangete linagwira ntchito, tsiku loipitsitsa inatsika kuchoka 28 kufika 26 basi. Kungoti bulangete lake ndinatenga la alendo lija ndipo linanyowa ngodya imodzi, nkhani imeneyo sinathe kunyumba kuno.

Tochi ndinayesa a Mtchona, zagolide palibe. Koma zebra imodzi ikudzikhulabe mwa apo ndi apo olo ilibe kadontho, ndikuipatsa masiku angapo ndione ngati ndi khungu likungopola, ikapitiriza ndidzafunsanso za praziquantel uja.

Amayi a ma Peacock munalondola. Ndinakhala pansi pafupi ndi galasi mphindi zingapo osagwedezeka mpaka anatuluka, ndikuona akutafuna chingamu chija, ndipo dzulo atayasamula pang'ono ndaona timaso takuda mkamwa. Usipa ndasiya, nsawawa zikudya molimbirana. Beseni ndagula kale ndi ka sponge filter.

Nde funso langa tsopano, mayiyu ndimusamutsire mu beseni asanalavule kapena ndimusiye momwemo mpaka mchere uthe? Ndikuopa kuti akalavulira mu thanki yaikulu nkholokolo yotsalayo ichita phwando usiku womwewo, komanso ndikuopa kumugwira ndi neti. Ndipo mcherewo pochotsa ndizingosintha madzi pang'onopang'ono osabwezera, kapena pali njira ina?